Newgrange ndi Forbidden City: akufa ndi amoyo salandira dzuwa mofanana

Newgrange, manda akale a ku Ireland, anamangidwa cha m'ma 3200 BC. Chaka chonse mkati mwake mumakhala mdima wa ndiweyani. Koma masiku oyandikira 21 Disembala, dzuwa likangotuluka, kuwala kumalowera pa kabowo ka pamwamba pa khomo, n'kukwawa m'kanjira kotalika mamita 19 mpaka kuchipinda chamkati. Pakatha mphindi pafupifupi 17, basi, mdima uja wabwerera.

Forbidden City, nyumba ya mafumu ku Beijing yomwe inatha kumangidwa mu 1420, sidikira tsiku limodzi pachaka. Omanga anatsata feng shui, nzeru za ku China za kamangidwe kogwirizana ndi chilengedwe: khomo kum'mwera kuti dzuwa la nyengo yozizira lizilowa tsiku ndi tsiku, madzi kutsogolo, phiri kumbuyo. Phiritu panalibe, ndiye anachita kuunjika dothi lokumbidwa m'ngalande n'kupanga Jingshan, lotchinga mphepo ya kumpoto. Mu 1530 anawonjezera guwa la dzuwa, Ritan, kum'mawa, ndi la mwezi, Yuetan, kumadzulo.

Katswiri wa feng shui akhoza kuyamikira mtsinje wa Boyne wodutsa kum'mwera kwa Newgrange, ngakhale omangawo nzeru za ku China sankazidziwa n'komwe. Zokhalamo, ine ndi Beijing. Koma kulawirira mbandakucha, mano akuwombana ndi chisanu, ndingachitire Newgrange yekha.