Kiti ya bushi ndi coupler ya giya ya Beetle: ndemanga yanga patatha miyezi itatu

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinachita kudikira dala miyezi itatu ndisanalembe chifukwa zinthu zagalimotozi tsiku loyamba zonse zimaoneka bwino, ndimafuna ndiyendepo kaye ndione ngati sizisintha.

Yanga ndi Volkswagen Beetle ya 1969, injini 1500, magiya anayi, ndakhala ndikuidzutsa pang'onopang'ono zaka ziwiri tsopano. Injini itadzuka koyamba ndinasangalala zedi koma chimwemwe chinathera pa giya. Ndodo inkangoti gwedegwede ngati dzino lofuna kuguluka, ukafuna fesiti umapeza thedi, sekondi nde umachita kuisaka, ndipo ukamayenda mkati mwa tunnel, mpata wachitsulo wodutsa pansi pakati pa mipando, mumamveka kachitsulo kakugunda kuti ngwengwengwe njira yonse. Anthu awiri anandiuza kuti giyabokosi yatha itsitsidwe basi. Mtima unandiwawa ndithu chifukwa kutsitsa giyabokosi ya Beetle ndiye kuti injini iyambe yatsika.

Mwayi wake ndinayamba ndasuzumira kaye. Kwa amene simunaitsegulepo, Beetle injini ndi giyabokosi zili kumbuyo pomwe ndodo ya giya ili kutsogolo pakati pa mipando, nde pali chitsulo chachitali, shift rod, chimene chimadutsa mu tunnel kulumikiza ziwirizi. Chitsulo chonsechi chimatsamira pa kabushi kamodzi kapulasitiki kamene kamakhala m'kabulaketi kumbuyo pang'ono kwa bowo la ndodo ya giya, ndipo kumbuyo pansi pa mpando chimagwirana ndi coupler, coupler-yo nkugwira kachitsulo kotuluka mu giyabokosi kamene amakaniko amakatchula hockey stick. Nditawalitsa tochi m'bowomo kabushi kunalibe, kunangotsala karingi kawaya kali lende pa shift rod ndi tizidutswa tachikasu pansi. Coupler nayo marabala ake anali ofewa, ukakanikiza ndi chala akungonyenyeka.

Mu kiti munabwera kabushi ndi ringi yake, coupler yatsopano yokhala ndi mabushi awiri a urethane (mtundu wa pulasitiki wonga rabala), kapaipi kolowa pakati ndi bawuti yake, sikuluu ya mutu wa makona anayi yomangira coupler ku hockey stick, ndi rabala yovundikira pansi pa ndodo. Pepala la malangizo munalibe ngakhale limodzi, ndipo apa mpomwe nyenyezi imodzi yapita, ndifotokoza.

Kumasula sikunavute. Mabawuti awiri a 13 pa ndodo ya giya, nkuizula pamodzi ndi sipulingi ndi stop plate, kachitsulo kotchinga rivesi. Kumbuyo kuchotsa mpando, kutsegula kachivundikiro, kudula waya wakale womanga sikuluu ija, kumasula coupler. Kutsogolo kuli kachivundikiro kena pa frame head, kumutu kwa chasisi, ka mabawuti awiri a 10, ndipo popeza bampa inali yochotsa kale njira inali yotseguka. Chimene ndikupempheni anzanga, musanakankhe shift rod mangani chingwe cholimba kumapeto kwake kumbuyoko, chikhale chachitali, chifukwa pobweza chingwecho ndi chimene chimakupulumutsani. Kenako mumagwira chitsulocho ndi pulayala kudzera pa bowo la ndodo lija nkumachisuntha pang'onopang'ono, kagwireni, kankhani, kagwireninso, mpaka chitulukire kutsogolo. Manja amatopa koma zimatheka.

Chitsulo changa chinatuluka ndi dzimbiri komanso girizi wakale wouma gwa ngati phula. Apa musathamange chonde. Ndinakhala madzulo onse ndi sandipepa, makamaka pamalo pamene pamakhuza bushi, mpaka chala chikamadutsa osamva kukhakhala kulikonse. Mukabweza chitsulo chadzimbiri mu bushi yatsopano chimaidya ngati tupa ndipo mudzabwereranso pomwepa posachedwa, kenako nkumadzati kiti ndi yachabechabe pomwe vuto si kiti.

Kulowetsa kabushi m'kabulaketi ndi pomwe panandivuta kwambiri. Malo ndi ochepa, umagwira ndi zala ziwiri osaona bwinobwino, ndipo kakakupulumuka kagwera mu tunnel ndiye uyambe kuwedza ndi waya. Kali ndi kamzere kozungulira kamene kamayenera kukhala ndendende m'mphepete mwa bulaketi, kakalowa umamva kuti thapu pachala. Pulasitiki yake ndinaikonda, si yolimba mophweka kusweka komanso si yofewa, ndipo pobweza shift rod, nditapaka girizi wambiri, kanakhala pamalo pake osasuntha. Ndinkaopa kuti chitsulo chikamalowa chikankha kabushi nkukagwetsa koma ayi, mwana wanga ankakoka chingwe kumbuyo ine ndikuongolera ndi pulayala, chinadutsa bwinobwino.

Coupler ndiyo inabwera ndi kavuto. Kapaipi kolowa pakati kanali kothina mopitirira, sikankadutsa m'mabushi a urethane ngakhale ndi girizi, ndinachita kukapala pang'ono kumapeto ndi tupa kenako kukanikiza ndi pulayala yaikulu. Sindikuona chifukwa chake zinthu zobwera m'paketi imodzi zizikanana chonchi. Sikuluu ya makona anayi ili bwino, nsonga yake imakhala m'kadzenje ka pa hockey stick, onetsetsani kuti yalowadi m'kadzenjemo osati pambali, mukamange zolimba nkudutsitsa waya pa kabowo ka pamutu pake kuti isamasuke. Wayayo mu kiti mulibe, mupeze nokha, koma musasiye osamanga chifukwa sikuluu imeneyi ikamasuka muli pamsewu giya imangotayika yonse.

Tsopano za malangizo zija. Stop plate ndi kachitsulo kafulati kamene kamatchinga kuti musalowe rivesi mwangozi, paja pa Beetle rivesi umakanikiza ndodo pansi, kupita kumanzere nkukokera kumbuyo, pafupi penipeni ndi sekondi. Ine pomasula sindinajambule mmene kanakhalira, nde pobweza ndinakatembenuza. Nditayesa galimoto ili chiimire, injini yozima, ndodo inkapita ku rivesi osakanikiza nkomwe. Thupi linachita tsembwe poganiza kuti zikanachitika ndikutsika kuchoka thedi kupita sekondi galimoto ikuyenda, mano a giya akanalira ndipo ntchito yonse ya zaka ziwiri ikanabwerera m'mbuyo. Mbali yokwezeka ya stop plate imayenera kuyang'ana m'mwamba, kudzanja lamanja. Kulakwa kunali kwanga inde, koma kapepala kamodzi kokhala ndi chithunzi kakanathandiza, anthu ambiri ogula kiti ngati iyi ndi oti akuchita koyamba m'galaja mwawo.

Kutchuna kwake nakonso kumafuna kudekha. Ndinaika sekondi, mabawuti awiri aja ali omasuka pang'ono, nkukankhira stop plate kumanzere mpaka itakhudza ndodo, kenako kumanga. Ulendo woyamba fesiti inkalimba, ndinamasulanso nkusuntha pang'ono zedi, mwina ngati kukhuthala kwa chikhadabo, ndipo zinasintha zonse. Ndinabwereza katatu ndisanakhutire.

Pano giya ikulowa mmene sindinaganizirepo kuti galimoto ya zaka zoposa 50 ingalowere. Fesiti ndi fesiti, sekondi ili pamalo pake, ndodo ukaisiya pa nyutilo sikuvinanso, kaphokoso ka mu tunnel kanatheratu ndipo giyabokosi ija ankati yatha sindinaikhudze nkomwe. Chimodzi chokha chimene ndaona, urethane ndi wolimba kuposa rabala, nde pa liwiro lokwererapo kunjenjemera kwa giyabokosi kumafika pang'ono m'dzanja ukagwira ndodo, komanso kumamveka kakulira kapansipansi kuchokera pansi pa mpando. Ine sizikundisowetsa mtendere, ndimakonda kumva giya ikulowa kuti khe, koma ngati mukufuna galimoto yanu ikhale yachete ngati mmene inatulukira ku fakitale funani coupler ya mabushi a rabala.

Sabata yatha ndinatsegulanso kachivundikiro ka pansi pa mpando kuti ndione ndisanalembe izi. Waya ali chimangire, mabushi sanang'ambike, ndipo nditagwedeza coupler ndi dzanja sinasewere ngakhale pang'ono. Rabala yovundikira ndodo yokha ndiyo yayamba kuonetsa timing'alu m'mapindo mwake, imeneyo ndidzasintha ndikamaika kapeti.