Nyali ya m'galimoto ikuphethira: kukonza kabolodi kapena kugula ina?

Musanasankhe, onani fyuzi ndi kaswichi ka pachitseko, chifukwa nthawi zina vuto limakhala pomwepo. Mita yoyezera magetsi ikaonetsa 12V pamawaya koma LED osayaka, ndiye kuti kabolodi, kathabwa ka m'kati mwa nyali kamene kamanyamula LED ndi tizida tina ta magetsi, ndi kamene kadwala.

Ine ndimakonda kukonza. Misewu yathu yokumbikayi imagwedeza galimoto mpaka solder (mtovu womatira tizida pakabolodi) kung'aluka pamiyendo ya resistor (kachida kochepetsa mphamvu ya magetsi) kapena ya LED. Mukatenthetsanso pamenepo n'kuwonjezera solder pang'ono, nyali imayakanso. Ndalama zake n'zochepa, kungoti pamafunika dzanja losanjenjemera ndi maso akuthwa.

Kugula ina n'kwachangu, inde, koma yakale ya kumsika ikhoza kubwera ndi matenda omwewo. Ndimagula pokhapokha kabolodi katapsa n'kuda, kapena madzi atadya tinjira ta kopa.