Kusaka mawu, mawu opingasa kapena zilapi: chomwe chakumbutsa ana anga sewero

Loweruka lililonse masana ndimakhala ndi ana a Sitandade 5 mpaka 7 pansi pa mtengo wa mango kuno ku Senga Bay. Teremu yathayi tinasewera Romeo and Juliet ya William Shakespeare, nkhani ya achinyamata awiri okondana ochokera m'mabanja odana a Montague ndi Capulet mumzinda wa Verona, yofupikitsa, ine ndikuwafotokozera m'Chichewa. Patatha milungu itatu nditawafunsa, ambiri ankangokumbuka ndewu ya malupanga basi. Ndiye ndinayesa masewera a mawu angapo kuti nkhani iwabwerere m'mutu, ndipo aphunzitsi ndi makolo anzanga, nazi zomwe ndinaona.

Kusaka mawu ndiye kosavuta kukonza. Umalemba bokosi lodzaza zilembo pabolodi, n'kubisamo mayina ngati ROMEO, JULIET, VERONA, CAPULET, MONTAGUE. Ana amakukonda zedi, amachita kulimbirana choko. Koma kamtsikana kena komwe kanajomba masiku onse a sewero kanapeza mayina asanu ndi awiri kuposa anzake onse. Pamenepo ndinadziwa kuti masewerawa amayesa maso okha. Phindu lake lilipo limodzi: mwana amazolowera kalembedwe ka mayina achilendo. Ana athu akamva Romeo amalemba Lomiyo, akamva Tybalt, dzina la msuweni wa Juliet, cholembera chimangoima. Akaliona dzina kangapo akulisaka, limakhazikika.

Mawu opingasa, aja a mabokosi otsika ndi opingasa omwe timawaona m'nyuzipepala, ndi nkhani ina. Anayamba kutuluka m'nyuzipepala ya ku New York mu 1913, ndipo anapangidwira akuluakulu. Apa mwana sangalembe kanthu asanayankhe funso, ndiye wojomba uja amagwidwa. Chomwe chinandisangalatsa ndi mizinda iwiri ya m'seweroli. VERONA ndi MANTUA onse ali ndi zilembo 6, onse amathera ndi A. Nditafunsa kuti Romeo anathawira kuti atapha Tybalt, theka la ana linalemba Verona, ndipo linakwana bwinobwino m'mabokosi. Anazindikira okha kuti alakwa pomwe T wa TYBALT anakana kulumikizana. Mkangano womwe unabuka pamenepo unali phunziro lenileni la tsikulo, chifukwa anayamba kukumbutsana kuti Tybalt anapha Mercutio, mnzake wa Romeo, kaye, Romeo n'kubwezera, mfumu ya mzinda n'kumupirikitsa.

Vuto lake ndi ntchito. Kulumikiza mayina khumi pamanja kunandidyera madzulo onse, kufufuta ndi kuyambiranso. Pa intaneti alipo mapulogalamu okonzera, koma pafunika bandulo, kenaka ulendo wa ku Kamuzu Road kukasindikiza, ndipo ukapeza magetsi azima wabwerako chimanjamanja. Kujambula pabolodi kumatheka, kungoti ana makumi anayi akamakopera m'makope, wina amasiya bokosi limodzi ndipo zonse zimasokonekera. Komanso mukafuna mayankho a Chichewa, muyambe mwagwirizana za ng'. Mawu ngati ng'oma alowa mabokosi angati? Ife tinagwirizana kuti ng' yense akhale m'bokosi limodzi.

Zilembo zosokoneza, monga kulemba EOMRO kuti mwana akonze, sindinazipitirize. Ana athu anaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo, ndiye ndinadula katoni n'kulemba VE, RO, NA pa timakadi tosiyana. Ang'onoang'ono anakondwa nazo, koma zimathera pa mayina ochepa omwe amaduka bwino.

Chomwe chinaposa zonse sichinafune pepala ngakhale choko. Ndinangoti "Chilape!" ana onse n'kuyankha "Nachize!" ngati ali kwa agogo madzulo. Ndinati: ndinagona maola 42, abale anga n'kundilira maliro ndili moyo. Manja m'mwamba, Juliet. Ndinapitiriza: ndinanyamula kalata koma mliri unanditsekera m'nyumba. Apa panali zii kwa kanthawi, mpaka mnyamata wina anakumbuka Friar John, wansembe yemwe anatumidwa ndi kalata youza Romeo kuti Juliet sanafe, koma sinafike. Munthu ameneyu ndi wamng'ono m'seweroli, pa kusaka mawu palibe akanamufunsa, komatu tsoka lonse lagona pa iyeyo. Mwana wa kunyanja amamvetsa msanga zimenezi, amadziwa zomwe zimachitika uthenga ukalephera kufika kwa asodzi omwe ali pamadzi.

Ubwino waukulu wa zilapi unaoneka pomwe ana anayamba kupeka zawo. Wina anati: mkamwini yemwe apongozi ake sakumudziwa. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa Romeo ndi ameneyodi, anakwatira mwamseri popanda ankhoswe, wansembe wowakwatitsa yekha ndi mlezi wa Juliet akudziwa. Kuti mwana apeke chilapi chotere ndiye kuti nkhani waimeza. Wina anati anafera ndewu ya eni ake n'kutemberera mabanja onse awiri, kutanthauza Mercutio. Olephera kuyankha ankalipira ng'ombe ya pakamwa monga mwa mwambo wake.

Pofooka pake ndi poti zilapi siziphunzitsa kulemba. Mwana ayankha Mercutio mokweza, koma mumupatse pensulo muone. Komanso olongolola ndi omwe amalanda bwalo, amanyazi amabisala kumbuyo kwa anzawo, pomwe mawu opingasa amakakamiza aliyense kulemba lake.

Ndiye panopa ndimayamba ndi zilapi kwa mphindi khumi ndi zisanu, kenaka zilapi zomwezo, makamaka zopeka anawo, ndimazisandutsa mafunso a mawu opingasa a Loweruka lotsatira. Ntchito yanga yopeka mafunso inachepa, ndipo mwana akaona chilapi chake pabolodi amachita kuyenda mwamatama. Kusaka mawu ndimakusungira masiku a mwera, pomwe mphepo imaulutsa makope ndipo palibe akumva mnzake. Mathero a sewero, pomwe achinyamata awiriwa amadzipha, sindimawaika m'masewera aliwonse. Amenewo timakhala pansi n'kukambirana.