Alpha-factor kapena Ost1: chiphaso chiti chotulutsira puloteni mu yisiti?

Kuti yisiti monga Pichia pastoris itulutse puloteni kunja kwa selo, puloteniyo iyenera kuoloka kaye nembanemba ya ER (endoplasmic reticulum, chipinda cha m'selo momwe mapuloteni otuluka amakonzedwera) kudzera pa khomo lotchedwa Sec61. Chimene chimailoleza ndi kachidutswa ka ma amino acid kutsogolo kwake, ndipo mumasankha nokha. Kachidutswaka ndiye chiphaso, ndipo alpha-factor ndi Ost1 ndi ziwiri mwa ziphaso zotere.

Alpha-factor imalowetsa puloteni itapangidwa kale yonse. Mapuloteni a pakhomopo otchedwa Sec62 ndi Sec63 amailandira, ina yotchedwa Kar2 n'kumaikoka kuchokera mkati mwa ER.
Ost1 imaitana SRP, yomwe imatengera ribosome (makina oluka mapuloteni) pakhomopo, ndipo puloteni imalowa mu ER ribosome isanamalize kuiluka.

Pamtengo, alpha-factor ndi yotchipa poti imabwera ili kale mu pPICZα, DNA yogula yonyamulira jini yanu. Ya Ost1 muyenera kulumikiza nokha DNA yake.

Nkhani yagona pa kupindika. Puloteni yopindika msanga, monga GFP (puloteni yowala mobiriwira), ikachedwa panja pa ER imaumbika n'kukanika kulowa pakhomo lopapatizalo. Fitzgerald ndi Glick anaonetsa mu 2014 kuti Ost1 imachepetsa vutoli. Komatu musataye alpha-factor yonse: chigawo chake chachiwiri, chotchedwa pro, chimathandiza puloteni kutuluka mu ER, n'chifukwa chake ambiri amachilumikiza kumbuyo kwa Ost1.

Ngati puloteni yanu imatuluka kale bwino, khalani pa alpha-factor. Ikamatsakamira m'selo, yesani Ost1 yokhala ndi pro.