Timagetsi ta Khirisimasi panja kuno ku chigwa: ta pulagi, ta sola kapena ta power bank?

Aka ndi kachinayi ndikukoleka timagetsi ta Khirisimasi pakhonde ndi pamtengo wa nimu pakhomo panga kuno ku Nchalo, ndipo mitundu itatu yonse imene imapezeka m'masitolo a ku Limbe ndaigwirapo ndi manja. Wogulitsa ku Limbe amakuyatsirani timagetsito m'sitolo mozizira bwino, mumthunzi, tikuphethira mokongola. Mukatsika nato phiri, mwadutsa pa Thabwa, mwaoloka Shire, talowa m'dziko lina: kutentha kopitirira madigiri 40, mvula yobwera ndi chimphepo, ndi ngumbi zodzaza khonde. Zitatu zimenezi ndizo ziyenera kukusankhirani timagetsi, kuwala kwake kubwere pambuyo.

Ta pulagi, tolumikiza ku magetsi a ESCOM, ndi timene timawala kuposa tonse, palibe wotsutsa. Chingwe chake chimakhala chachitali, mutha kuzunguliza khonde lonse ndi kutsala. Ambiri amaopa kuti titha mayunitsi, koma ngati ndi ta LED musadere nkhawa. Chingwe cha mawati 5 mukachiyatsa maola 6 usiku uliwonse kwa masiku 30, simunathe ngakhale yunitsi imodzi. Fani imene imazungulira usiku wonse m'chipinda mwanu ikudya kuposa pamenepo kangapo konse.

Vuto lake ndi madzi. M'chingwemo mukuyenda mavoti 230, omwewo a m'nyumba. Chaka changa choyamba ndinatulutsa ekisitenshoni pawindo, nkuigoneka pansi pakhonde, malo olumikizira nkuwakulunga ndi jumbo. Usiku wa pa 23 Disembala mvula inabwera chammbali monga imachitira kuno, madzi analowa m'jumbomo nkukhazikika. Tinangomva "thuu", nyumba yonse mdima. Mwayi wake chinagwa ndi chosinthira chozimitsa magetsi cha pa bolodi, ana anali atagona kale. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo a Chisomo, zanuzi mudzatiphetsa nazo," nkutembenukira kukhoma. M'mawa ndinapeza soketi itada ngati mphika wa pamafuwa.

Chimene ndinaphunzirapo: pa katoni kapena pa kachidindo ka pachingwe yang'anani zilembo IP ndi manambala awiri. Nambala yachiwiriyo ndiyo ya madzi. IP20 ndi ta m'nyumba basi, ngakhale wogulitsa alumbire. IP44 timapirira madzi owaza, choncho pansi pa malata a khonde tingakhale. IP65 ndi timene mungatulutse pa mtetete. Ngakhale zili choncho, pulagi ndi soketi zikhale m'nyumba, osati panja. Komanso timagetsi tambiri timabwera ndi pulagi ya mano awiri pamene masoketi athu ndi a mabowo atatu; gulani adaputa, lekani zotokosa soketi ndi kamtengo. Ndipo ngati nyumba kapena khitchini yanu ndi yofolera ndi udzu, ta pulagi tisayandikire denga, makamaka tachikale ta mababu otentha tija.

China ndi chodziwika kwa tonse: magetsi akazima, nato tazima. Nyengo ya Khirisimasi ndiyo nyengo ya mvula, pamene zinyalala ndi matope a mu Shire zimavutitsa makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu la Kapichira kuno ku Chikwawa komwe, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Ndiye chaka chachiwiri ndinati basi, dzuwa la kuno likungopita pachabe, ndigule ta sola. Pa pepala timaoneka ngati tinapangidwira ife a ku Nsanje ndi Chikwawa. Palibe chingwe chochokera m'nyumba, palibe yunitsi, palibe choti chigwire mwana. Kapanelo kake kakang'ono ngati chikhatho kamazindikira kokha mdima, timayaka tokha cha m'ma 6 koloko madzulo. Kwa amene ali kumidzi kumene mawaya sanafike, kapena amene akufuna kukongoletsa mpanda ndi geti kutali ndi nyumba, ubwino wake ndi woonekeratu.

Koma dzuwa lomwelo ndilo limapha timagetsiti. Kuseri kwa kapaneloko kuli kabatire kamodzi, kawirikawiri kofanana ndi ka mu tochi kaja ka AA, kotsekeredwa m'kabokosi kakuda ka pulasitiki. Ine ndinakakhazika padenga la malata poganiza kuti ndi pamene dzuwa limafika bwino. Malata a kuno masana simungawagwire. Sabata yoyamba timagetsi tinkafika pakati pa usiku tikuyaka, sabata yachitatu tinkayamba kufooka tisanadye nsima. Batire sigwirizana ndi kutentha, imakalamba msanga. Onjezanipo masiku a mitambo, mvula ikachezera masiku awiri kapena atatu: kabatireko sikadzaza, ndipo tsiku lenileni la Khirisimasi mutha kukhala ndi timagetsi tophethira ngati ziphaniphani zodwala.

Sindikuti musagule. Mukagula, sankhani tokhala ndi kabokosi kotsegula ndi sikulufu kuti batire ikafa musinthe, osati tomatidwa kotheratu. Kapanelo kaikeni pa kamtengo pamalo podutsa mphepo, osati pamalata. Mu Disembala dzuwa la masana limakhala pafupifupi pamutu penipeni, choncho kagonekeni chagada, kopendekeka pang'ono kuti madzi azitsetsereka, ndipo muzikapukuta fumbi. Kamtengoko kakhale katali. Kanga kachiwiri ndinakazika pansi monga ajambulira pa katoni, mbuzi ya aneba inatafuna waya nkusiya zidutswa. Ojambula katoniyo sadziwa mbuzi za ku Ngabu. Kapanelo ka pansi pafupi ndi msewu kamathanso kumera miyendo usiku, mukudziwa chimene ndikunena.

Tachitatu ndi timene ambiri amatinyoza poyamba: ta USB, tolowetsa mu power bank ya foni. Ndi tochepa mphamvu, mavoti 5 okha, moti ngakhale tinyowe kapena mwana agwire waya wosendeka palibe chomuchitikira. Power bank mumaitchaja masana m'nyumba mumthunzi, kaya ku magetsi kaya ku sola ya panyumba, madzulo nkuiika pawindo mkati, waya wokha nkutuluka panja. Apa mwathetsa mavuto onse awiri aja: batire sili padzuwa, ndipo magetsi akazima khonde lanu likuyakabe. Power bank ya 10,000 mAh kwa ine imayatsa chingwe chimodzi kuyambira madzulo mpaka tikagone, usiku uwiri, isanafune kutchajanso. Pogona mumangozula nkulowa nayo, wakuba apeze waya wopanda kanthu.

Zofooka zake zilipo. Zingwe zake ndi zazifupi, nthawi zambiri mamita 5 kapena 10, ndiye kuzinga nyumba yonse iwalani. Ma power bank ena amazima okha akaona kuti chinthu chikukoka moto wochepa, choncho yesani yanu muli m'sitolo momwemo musanapereke ndalama. Ndipo panyumba pali nkhondo: mwana wamkulu akufuna kutchaja foni, wamng'ono akufuna timagetsi. Amene muli ndi batire yaikulu ya sola ya mavoti 12, tilipo timagetsi ta mavoti 12 tolumikiza komweko, ndipo timawala kuposa ta USB.

Tsopano nkhani ya mtundu wa kuwala, imene imakhudza tonse titatu ndipo ogulitsa saitchula. Tizilombo timakopeka kwambiri ndi kuwala koyera mbee ndi kwa buluu, pamene kwachikasu ndi kofiira sitikulabadira kwambiri. Ndinaziona ndi maso chaka cha ta pulagi chija. Mvula itagwa masana, madzulo ngumbi zinatuluka, zonse kulunjika ku timagetsi ta buluu ta pakhomo. Ana anasangalala, anatenga beseni la madzi nkuliika pansi pake, m'mawa tinakazinga. Koma pambuyo pa ngumbi panabwera analimata pakhoma, achule pansi, ndipo kumene kwasonkhana achule kuno njoka sichedwa. Kuyambira pamenepo a buluu ndi oyera ndimawakoleka pa nimu, kutali ndi chitseko, pakhonde pomwe timakhala ndimaika achikasu. Udzudzu wokha usakunamizeni, umatsata munthu osati nyali, neti ndi yomweyo.

Pomangirira, musakhomere misomali pawaya kapena kuukulunga pa chitsulo chakuthwa cha malata. Tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya tija, kapena timizere todula ku chubu cha njinga, timagwira bwino ndipo chimphepo chikabwera waya sucheka.

Ine chaka chino pakhonde ndikuika ta USB tachikasu, zingwe ziwiri, ndipo ndagula power bank yachiwiri kuti nkhondo ya foni ithe. Pa nimu pakhala ta sola, batire yatsopano, kapanelo pamwamba pa nsungwi yaitali yomwe mbuzi singafikire. Ta pulagi tija ndatikulunga pa mtengo wa pulasitiki pabalaza, pafupi ndi soketi, pomwe mvula sifika.