Guard, protect, defend, shield kapena safeguard: tilembe liti?

Tikamalemba kalata yofunsira ntchito, lipoti la ku ofesi kapena chimangirizo cha mayeso a MSCE, ambiri timathamangira liwu limodzi lokha, "protect", kapena timasinthanitsa "guard" ndi "protect" poganiza kuti n'chimodzimodzi. M'Chichewa sitisokoneza kulondera, kuteteza, kutchinjiriza ndi kusunga. Chingerezi nachonso chimawasiyanitsa, ndipo wowerenga amene anachizolowera amazindikira msanga mukaika liwu pamalo pa linzake.

Awiri amene amavutitsa kwambiri ndi "guard" ndi "protect". Liwu la "guard" limanena za ntchito imene munthu akugwira ndi thupi lake: waima pageti, wanyamula tochi, maso ali tcheru mpaka mbandakucha. Pafunika wina wokhalapo, kaya ndi mlonda, msilikali kapena galu. Pamene "protect" limanena za cholinga, kuti choipa chisafike pa munthu kapena pa chinthu, ndipo silisamala kuti wachita zimenezo ndani kapena n'chiyani. Neti yonyikidwa m'mankhwala imateteza mwana ku malungo, choncho timati "the net protects the child from malaria". Katemera, jombo za m'munda, ngakhale lamulo, zonsezi zimatenga "protect". N'chifukwa chake lamulo la ana la dziko la Malawi la 2010 limatchedwa Child Care, Protection and Justice Act. Lamulo siliima pageti.

Pali kusiyana kwina kumene ndimaona kuti n'kofunika kuposa konseku, ndipo ambiri sakudziwa. Amene mukumuchitira "protect" mumamufunira zabwino. Amene mukumuchitira "guard" mwina ayi. Chiganizo chakuti "the warders guard the prisoners" chikutanthauza kuti oyang'anira ndende ya Zomba kapena Maula akulondera akaidi kuti asathawe, osati kuti asavulale. Koma apolisi akalanditsa munthu woganiziridwa kuba m'manja mwa gulu lolusa lofuna kumutentha, timati "the police protected the suspect from the mob". Kenako akamufikitsa kupolisi n'kumuikira wapolisi pakhomo, tabwerera ku "guard". Munthu ndi yemweyo, apolisi ndi omwewo, tsiku ndi lomwelo, koma mawu asintha chifukwa cholinga chasintha. Mtolankhani akalakwitsa pamenepa amasintha tanthauzo la nkhani yonse.

Samalaninso timawu totsatira. "Protect" limayenda ndi "from" kapena "against". "Guard" limatenga chinthu cholonderedwacho mwachindunji, monga "guard the shop". Mukaliphatikiza ndi "against" limasanduka kupewa: "wash your hands to guard against cholera" ndi malangizo osamba m'manja popewa kolera, palibe mlonda aliyense pamenepo.

Apa nditchuleko "guardian", chifukwa kwathu kuno tinalipatsa ntchito yathuyathu. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, gadiyani ndi m'bale amene akudikirira wodwala, kumuphikira phala, kumusambitsa ndi kumuchapira. Chingerezi chimenechi n'chomveka bwino m'Malawi muno ndipo palibe chifukwa chochitira nacho manyazi. Koma abale amene muli ku Britain dziwani kuti kumeneko "guardian" ndi munthu amene malamulo amupatsa udindo wolera mwana yemwe si wake. Wosamalira wodwala amatchedwa "carer". Ndipo mlonda si "guardian" kulikonse. Iye ndi "guard", "security guard" kapena "watchman".

Tsopano "defend". Liwu ili limafuna mdani amene waukira kale kapena akuoneka kuti akubwera. Muli kulimbana mkati mwake, muli kubweza. Asilikali athu ndi Malawi Defence Force. Mu mpira, osewera akumbuyo a Flames ndi ma "defenders" chifukwa timu inayo ikuwathira nkhondo mphindi iliyonse. M'khoti, loya wa Legal Aid Bureau amachita "defend" munthu wozengedwa mlandu, ndipo wozengedwayo ndi "defendant". Wophunzira wa digiri yachiwiri akaima pamaso pa aphunzitsi kuyankha mafunso pa kafukufuku wake, amati "defend the thesis". Konseku pali wina amene akukantha, ndi zida, ndi mpira kapena ndi mawu. Ndiye kulemba kuti "an umbrella defends you from the rain" kumamveka zachilendo, mvula sinakuukireni. Apo n'pa "protect". Pa kalembedwe, ife timatsata Chingerezi cha ku Britain, "defence" ndi c. Anthu a ku America amalemba "defense" ndi s, ndipo kompyuta yanu ikakhala yotcheredwa Chingerezi chawo idzakukonzerani molakwika. Woyesa mayeso sadzafunsa kuti walakwa ndani.

"Shield" ndi chishango, ngati chija cha chikopa chimene Angoni amanyamula povina ingoma. Tanthauzo lake ndi kuika kanthu pakati pa munthu ndi choopsa: "she shielded the baby from the sun". Limagwirizana ndi kutchinjiriza kwathu. Chenjerani nalo polemba za akuluakulu, pakuti nthawi zambiri limanunkha kubisa wolakwa. Nyuzipepala ikalemba kuti bwana "is shielding corrupt officers", sikumuyamikira ayi, ikuti akuikira kumbuyo akatangale kuti lamulo lisawafike.

"Safeguard" ndi liwu la mu ofesi, la m'mapepala a malamulo ndi ndondomeko. Limanena za kukonzeratu njira zoti choipa chisachitike n'komwe: kufufuza mbiri ya munthu musanamulembe ntchito yosamalira ana, kuletsa wogwira ntchito kukhala yekha m'chipinda ndi mwana, kukhala ndi munthu wodziwika wolandira madandaulo. Mabungwe omwe si aboma masiku ano amasainitsa antchito awo "safeguarding policy", ndipo ku England lamulo la Care Act la 2014 linaika m'manja mwa makhonsolo udindo wofufuza ngati munthu wamkulu wofuna chisamaliro akuzunzidwa kapena kunyalanyazidwa. Achewa ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene akugwira ntchito yosamalira okalamba kumeneko amakumana ndi liwuli tsiku loyamba lenileni. Langizo langa pa ili ndi la mbali ziwiri. Pocheza kapena polemba nkhani wamba, lisiyeni. Kunena kuti "I safeguard my goats" n'kuvala suti popita kudimba. Koma pa mafunso olowera ntchito ya ana kapena ya okalamba, musalisinthe ndi "protect". Akakufunsani kuti mungatani mutaona zipsera pathupi la gogo amene mukumusamalira, akudikira kumva kuti mudzanena nkhaniyo ngati "safeguarding concern" kwa woyang'anira, mudzalemba zomwe mwaona, ndipo simudzafufuza nokha. Liwulo likusonyeza kuti mukudziwa njira yake, ndipo njirayo ndiyo imapulumutsa anthu amene sangathe kudziyankhulira.

Otsalawa savuta kwambiri. "Secure" ndi kutseka, kukhoma, kumanga zolimba: "secure the windows". Lilinso ndi tanthauzo lina losakhudzana ndi chitetezo, la kupeza chinthu movutikira, monga "secure a loan" kapena "secure a place at university". "Preserve" ndi kusunga chinthu kuti chisaonongeke kapena kusintha, monga tichitira pofutsa nkhwani kapena poyanika usipa, ndiponso posunga chilankhulo. "Conserve" ndi kugwiritsa ntchito mosamala kuti zisathe, n'chifukwa chake timalimva pa nkhani za madzi, magetsi ndi nkhalango. Ku Liwonde, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa malo osungira nyama kuyambira 2015, mawuwa amakumana pamodzi: malowo ndi "protected area", ntchito yonse ndi "conservation", ndipo alonda oyenda ndi mfuti pafupi ndi zipembere amachita "guard".

Mukakayika, sankhani "protect": ndilo silimalakwika kawirikawiri poyerekeza ndi ena onse, chifukwa ndi lotambasuka. Koma kutambasuka komweko kumalifooketsa pamene mukufuna kuonetsa zomwe munachita ndi manja anu. Mlonda amene walemba pa CV yake kuti "I protected the company" sanauze wolemba ntchito kanthu. Alembe kuti "I guarded the warehouse at night, secured the gates and recorded all vehicles", ndipo bwanayo adzaona munthu amene amadziwa ntchito ya pageti kuyambira madzulo mpaka kucha.