Mafuta odzola makanda pa pepala la A4: zimene botolo limodzi linandichitira m'kalasi

Ndimaphunzitsa Giredi 3 pa sukulu ina ya ku Chilenje mu mzinda wa Lusaka, ndipo mu Okutobala 2024, pamene dziko la Zambia linkakonzekera kukumbukira zaka 60 za ufulu wodzilamulira, ndinafuna kuti ana anga 46 akongoletse mawindo a kalasi ndi zithunzi zoti dzuwa likawomba mitundu yake iziwala ngati magalasi a m'tchalitchi. Pepala loyenera ntchito yotere ndi lija loonekera mwachimbuuzi, limene m'masitolo a zolembera amalitcha tracing paper, koma nditazungulira ku Kamwala ndi mu Freedom Way ndinaona kuti kugulira mwana aliyense, kuphatikizapo ena oti alowe m'malo mwa ong'ambika, kukanandidyera ndalama zoposa zimene thumba langa likanapirira. Choncho ndinalowa m'sitolo ina ya mankhwala mu Cairo Road n'kugula botolo la mamililita 200 la mafuta odzola makanda, aja olembedwa kuti baby oil, kuti ndidzipangire ndekha pepala loonekera kuchokera ku mapepala wamba a A4. Papita miyezi yokwanira tsopano yoti ndinene bwinobwino ntchito imene mafutawa amaitha ndi imene amailephera.

Aliyense amene anagulapo vitumbuwa pa kantemba anaonapo pepala lokulungira litachita madontho oonekera, ndipo amene tinaphunzira sayansi ku sekondale timakumbukira kukhutiza nsawa pa pepala pofuna kutsimikiza kuti muli mafuta. Chimene chimachitika n'chakuti pepala limapangidwa ndi timaulusi ta mtengo tolukanalukana, ndipo m'mipata ya timaulusito mumakhala mpweya. Kaulusi pakokha sikatsekereza kuwala kwenikweni, koma kuwala kukamachoka mu mpweya kulowa m'kaulusi n'kutulukiranso mu mpweya kambirimbiri, kumapindika ndi kumwazikana mbali zonse, n'chifukwa chake pepala limaoneka loyera ndiponso losaonekera. Asayansi ali ndi nambala yosonyeza mmene chinthu chimapindira kuwala, ndipo ya mpweya ndi 1.0, ya madzi ndi 1.33, ya mafuta ngati awa ili cha pa 1.47, pamene ya ulusi wa pepala imapitirira pang'ono 1.5. Mafuta akathamangitsa mpweya n'kudzaza mipata ija, kuwala kumayenda m'zinthu ziwiri zofanana ndithu pa kapindidwe kake, motero kochuluka kumadutsa m'malo mobwerera. Madzi amachita zomwezi pang'ono chabe, ndipo akauma pepala limabwerera mwakale. Luso limeneli ndi lakale kwambiri, pakuti wojambula wa ku Italy, Cennino Cennini, analemba cha m'ma 1400 za kupaka pepala mafuta a linseed, ofinyidwa kuchokera ku njere za mbewu ya fulakisi, kuti likhale lokopera zithunzi, ndipo ku Japan maambulera achikhalidwe amakutidwa ndi pepala lopakidwa mafuta mpaka lero.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa pothira mafuta mwachindunji kuchokera m'botolo, chifukwa kabowo ka pa chivindikiro kamatulutsa ochuluka kuposa mmene munthu angaganizire, ndipo pepala linasanduka chinthu choterera chimene sindikanachipereka m'manja mwa mwana. Pepala la A4 la magalamu 80 pa sikweya mita limalemera magalamu 5 okha, ndipo silifuna mafuta opitirira theka la supuni ya tiyi. Njira imene inandiyendera bwino inali yodontheza mafuta pa kachidutswa ka thonje n'kumapaka kumbuyo kwa pepala mozunguliza, kuyambira pakati kupita m'mphepete, uku ndikuyang'ana mmene kuyera kukuthawira. Pali kamphindi kamene pepala limaoneka ngati lachita mawangamawanga, pena poyera pena potuwa, ndipo munthu amafuna kuwonjezera mafuta, koma ukadikira mphindi zisanu mafuta amayenda okha m'timaulusi n'kufafaniza mawangawo. Pa kayendedwe kameneka mafuta a makanda anandikhutiritsa kwambiri, chifukwa ndi opepuka ndipo salimba pa thonje. Botolo limodzi linakwanira mapepala onse 46, kuphatikizapo oyeserera oposa khumi, ndipo mafuta anatsalamo ndithu.

Ndinalakwitsanso pofuna kuyamwitsa mafuta otsala pamwamba. Ndinaika mapepala asanu pakati pa nyuzipepala n'kutsindikiza ndi mabuku usiku wonse, ndipo m'mawa ndinapeza mitu ya nkhani itadindika mozondoka pa mapepala anga, popeza inki ya nyuzipepala imasungunuka m'mafuta. Kuyambira pamenepo ndinkagwiritsa ntchito mapepala oyera kumbuyo amene anatayidwa mu ofesi, kapena tishu, ndipo ndinkasintha kawiri.

Pofuna kudziwa ngati ndinawononga ndalama pachabe, ndinapakanso mapepala atatu mafuta ophikira, amene kuno ku Lusaka timangowatcha saladi, n'kuwamata pa windo limodzi ndi ena a mafuta a makanda. Tsiku loyamba panalibe kusiyana kulikonse, moti ndinayamba kudziimba mlandu kuti ndikanangotapa m'khitchini. Koma kutentha kwa Okutobala kunaweruza nkhaniyi pasanathe milungu itatu, pakuti mapepala a saladi anayamba chikasu ndipo ankanunkha ngati poto wosatsuka, nyerere nazonso zinawapeza, pamene ena aja anakhalabe opanda mtundu. Chifukwa chake n'chakuti mafuta a mpendadzuwa kapena a soya amasakanikirana ndi mpweya pang'onopang'ono n'kuvunda, pamene mafuta a makanda amayengedwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka ndipo sasintha msanga chotero. Kwa ine apa ndi pamene botololi linabweza mtengo wake, chifukwa zokongoletsa za m'kalasi zimafunika kukhala pa windo teremu yonse popanda kudwalitsa ana mutu.

Pa nkhani ya mitundu, ndinaphunzira kuti chithunzi chiyenera kujambulidwa ndi kupakidwa utoto pepala lisanalandire mafuta, ndipo si cholembera chilichonse chimene chimapirira. Ndinasindikiza chithunzi cha nkhwazi ya pa mbendera yathu pa makina a laser, ndipo mizere yake sinasunthe ngakhale pang'ono. Mapensulo amitundu anapirira, ndipo zolembera zija za inki ya madzi zinapiriranso malinga zitauma bwino, ndiponso ndizo zinatulutsa mitundu yowala kuposa zonse. Bolopeni ndiyo inandikhumudwitsa, chifukwa inki yake ili ndi mafuta kale, moti mayina amene ana ena analemba m'munsi mwa zithunzi anafalikira n'kusanduka mtambo wabuluu. Makrayoni a phula nawonso anafewa n'kumatsatira thonje paliponse pamene mafuta anawakhudza mwachindunji, ndipo n'chifukwa chake ndikulimbikira kunena kuti kupaka kuzichitikira kumbuyo kwa pepala. Mwa mitundu inayi ya mbendera, wobiriwira ndi wa olenji ndiyo inkaoneka yokongola kwambiri pa dzuwa, wofiira unaderako pang'ono, ndipo wakuda unangokhala wakuda. Sindidzaiwala mtsikana wina wamanyazi amene sakonda kuyankhula m'kalasi, pamene anakweza pepala lake ku windo cha m'ma 9 koloko m'mawa n'kufuula kuti, “Aphunzitsi, taonani, nkhwazi yanga yayaka moto!” Kuwala kwa olenji kunali kutagwera pa tsaya lake ndi pa desiki, ndipo anzake onse anathamangira ku windo ndi mapepala awo.

Tsopano ndinene vuto lalikulu la mafutawa, limene aliyense ayenera kulidziwa asanagule. Khalidwe lomwe lija lowaletsa kuvunda ndi limenenso limawaletsa kuuma. Sauluka ngati madzi ndipo salimba ngati vanishi, choncho amangokhala amadzimadzi m'kati mwa pepala, kudikira chinthu china chouma choti asamukiremo. Ndinatenga chithunzi chimodzi chimene ndinachikonda n'kuchisunga m'buku langa lolembamo mamakisi a ana, patatha mlungu wathunthu chipakidwireni ndipo chikuoneka chouma m'manja, koma nditatsegula bukulo Lolemba lotsatira ndinapeza banga la mafuta litalowerera masamba anayi mbali iyi ndi atatu mbali inayo, manambala a bolopeni atafalikira, moti ndinakhala madzulo awiri ndikukopera mamakisi m'buku latsopano. Mlamu wanga amene amasoka zovala za chitenge ku Kabwata anandipempha mapepala angapo kuti azikopera mapateni a makolala, ndipo ndinamukaniza nditamuonetsa bukulo, chifukwa banga lotere pa nsalu ya kasitomala ndi mlandu.

Kumata ndi vuto linanso lochokera pa gwero lomweli. Guluu woyera wa kusukulu ndi uja wopaka ngati sopo onse ndi a madzi, ndipo sagwira pa pepala la mafuta, selotepi nayo imagwira tsiku limodzi n'kuyamba kusendeka. Chimene chinatipulumutsa chinali kumata chimango cha katoni m'mphepete mwa chithunzi tisanapake mafuta, kusiya malire osapaka okwana chala chimodzi, kenako n'kulimbitsa ndi sitepula m'ngodya zonse. Fumbi la Lusaka la nyengo yotentha nalonso limakonda pepala lotere, ndipo pa mawindo oyang'ana ku bwalo la masewero zithunzi zinachita khungu lofiirira limene silichoka ndi kupukuta, chifukwa ukapukuta umangolilowetsa m'kati. Fungo lonunkhira limene amaika m'mafutawa ndi labwino pa khungu la khanda, koma mapepala 46 m'chipinda chimene chagona chotseka analikulitsa kwambiri, moti masiku atatu oyamba tinkayamba ndi kutsegula mawindo onse tisanaphunzire.

Pali chenjezo limene ndinalipereka kwa makolo mwa kalata, ndipo ndikulibwereza pano ndi mtima wonse. Chaka chimenecho chilala chinatsitsa madzi m'damu la Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, choncho nyumba zambiri zinkadalira makandulo. Ana atangoona mmene mapepala awo akuwalira anayamba kupangana zokawapinda ngati nyali n'kuikamo kandulo kunyumba. Pepala lomwa mafuta siliyenera kuyandikira lawi kapena mbaula ngakhale pang'ono, chifukwa limakhala ngati chingwe cha nyali chimene chamwa kale mafuta ake. Nyali yotere ndi yokongola ndithu, ndipo ndinapanga imodzi kunyumba kwanga, koma m'kati mwake ndinaikamo katochi ka LED kamene sikatentha. Botolo lenilenilo lisasiyidwe pamene mwana wamng'ono angalifikire, pakuti mafuta opepuka otere akamwedwa n'kutsamwira m'mapapo amavulaza kwambiri, ndipo m'kalasi mwanga ndinkagwira botolo ndine ndekha, ana n'kumalandira thonje lonyowetsa kale.

Pofuna kupanga makadi a Khirisimasi, amene ayenera kulowa mu envulopu ndi kugwiridwa m'manja, ndinayesa phula la kandulo m'malo mwa mafuta. Ndinapala kandulo yoyera ndi mpeni, n'kuwaza tizidutswa take pa pepala, n'kuphimba ndi pepala lina, kenako n'kusita ndi nsimbi ya makala yosatentha kwambiri popeza magetsi kunalibe. Phula limasungunuka pa kutentha kochepa, limalowa m'mipata ija ngati mafuta, koma likazizira limalimba, motero pepala limatuluka louma ndipo silidetsa chinthu choyandikana nacho. Kuipa kwake n'kwakuti ukalipinda pamatsala mzere woyera wosachoka pokhapokha utasitanso, ndipo ntchito yake ndi yochedwa komanso yosayenera ana a zaka zisanu ndi zitatu. Pomalizira pake ndinabwerera ku Kamwala kukagula mapepala ochepa a tracing paper enieni, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake amadula. Mulibe mafuta kapena phula m'menemo, koma ulusi wake umapunthidwa kwambiri ku fakitale mpaka kugwirana kosasiya mipata ya mpweya, choncho umalembapo ndi pensulo kapena inki nthawi iliyonse, umalimata, ndipo umalisunga m'buku popanda mantha, ngakhale kuti limakwinyika likakhudzana ndi guluu wonyowa kwambiri.

Mafuta odzola makanda ndingawalimbikitse kwa mphunzitsi, mtsogoleri wa Sande sukulu kapena kholo limene likufuna mapepala ambiri oonekera pa mtengo wochepa, oti akapachikike okha pa windo kapena pa chingwe osakhudza buku, khoma lopakidwa laimu kapena nsalu, ndipo pa ntchito imeneyo amaposa saladi kutalitali. Sindingawalimbikitse kwa wopanga makadi, wosunga zithunzi mu alubamu kapena telala. Ine ndidzagulanso botolo lina Okutobala akamayandikira, ndipo ndidzafunsa m'sitolo ya mankhwala ngati ali ndi mtundu wopanda fungo. Pa windo la kumbuyo kwa kalasi patsala nkhwazi zitatu zimene eni ake anakana kuti ndizichotse, ndipo ngakhale utoto wobiriwira wafwifwa ndi dzuwa ndipo fumbi lakhazikika m'mphepete, pepalalo likadali loonekera monga linalili tsiku limene tinalipaka.